Mawu a pachifuwa akalakwika, manyazi amagwera wovala

Mu 2011 kampani ya zovala ya ku America, Old Navy, inatulutsa matisheti a anthu ochemerera matimu a mayunivesite osiyanasiyana. Pachifuwa panadindidwa mawu awiri a Chingerezi: "Lets Go!!" Cholinga chinali kunena kuti tiyeni, timu yathu, tiyeni. Koma liwu loyambalo limafuna nkhodolero, kachizindikiro kaja kamakhala m'mwamba kosonyeza kuti chilembo china chamezedwa, ndipo liyenera kulembedwa "Let's". Kachizindikiroko kakasowa, mawuwo amatembenuka n'kumanena za munthu amene akutaya chimene anagwira. Matisheti onyamula mayina a sukulu za ukachenjede anafika mpaka pa mahang'ala a m'masitolo ali ndi cholakwika chimene mphunzitsi wa ku pulayimale akanachizunguliza ndi cholembera chofiira.

Chaka chomwecho kampani ina ya ku America komweko, Wet Seal, inagulitsa malaya a atsikana olembedwa kuti "If Your Single, So Am I". Ankafuna kunena kuti ngati ulibe chibwenzi, nanenso ndilibe. Koma "your" ndi liwu losonyeza umwini, monga timanenera kuti chako kapena wako, pamene liwu loyenera pamenepo linali "you're", lotanthauza kuti iwe uli. Mu 2015 kampani ya zovala ya H&M, imene ili ndi masitolo zikwi zingapo padziko lonse, inadinda mawu otchuka a Thomas Edison, katswiri wa ku America wotulukira zipangizo zatsopano, onena za munthu waluntha lapadera, ndipo liwu lenilenilo lotanthauza waluntha ndi limene linalakwika: analemba "genious" m'malo mwa "genius".

Zoterezi zikadziwika anthu amajambula chithunzi, amagawana pa Facebook, amaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Ine sizindiseketsa. Cholakwika chodindidwa pa chovala cha m'sitolo ndi umboni wakuti kampani yatigulitsa chinthu chimene eni akewo sanachiwerenge n'komwe. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti wojambula ndi bwana amene anasayina amakhala phee mu ofesi, osadziwika ndi aliyense, pamene manyaziwo akusenza ndi munthu amene anapereka ndalama zake n'kuvala chovalacho pagulu.

Tisheti ya m'sitolo yaikulu imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa wogula. Amayamba ndi wojambula, amene amakonza mawu ndi maonekedwe ake pa kompyuta. Mkulu wa dipatimenti yake amaona n'kuvomereza. Kenako pali munthu wa kampani amene ntchito yake ndi kusankha katundu woti adzagulitsidwe nyengo ikubwerayo, nayenso amaona. Fayilo imatumizidwa ku fakitale, kawirikawiri ku China, Bangladesh, Vietnam, Cambodia kapena Turkey. Fakitale sidinda zonse nthawi imodzi. Imayamba yadinda pa kachidutswa ka nsalu n'kukatumiza kulikulu kuti akaone ngati mtundu wa inki wagwirizana ndi umene anaitanitsa, kenako imasoka chovala chathunthu cha chitsanzo, nachonso chimapita kukavomerezedwa. Katundu akatha kupangidwa, oyendera amatengako zovala zingapo n'kuyeza misoko, kukula kwa khosi ndi utali wa manja. Zikafika, wina amavala kuti ajambulidwe, wina amajambula, wina amaika chithunzicho pa webusaiti, wina amapinda n'kuyala pa shelefu. Anthu onsewa mawuwo amakhala ali pamaso pawo, m'zilembo zikuluzikulu kuposa za mutu wa nkhani mu nyuzipepala.

Ndipo kadindidwe kake sikapereka mpata wobwerera m'mbuyo. Matisheti ambiri amadindidwa ndi sefa ya ulusi wowirira yokungidwa pa fulemu. Sefayo amaipaka mankhwala amene amauma akawombedwa ndi kuwala, n'kuphimba pamwamba pake ndi pepala loonekera mkati lokhala ndi mawuwo. Pamene pali zilembo kuwala sikufika, choncho mankhwala a pamenepo amachoka potsuka ndi madzi, n'kusiya timabowo tokhala ndi maonekedwe a zilembozo. Wodinda amathira inki m'mphepete mwa fulemu, n'kuikoka ndi mphira yolimba kuchokera uku kufika uko, inki n'kudutsa m'timabowomo kukakhala pa nsalu. Ikachoka pamenepo tisheti imalowa mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 160 a Celsius, inkiyo n'kugwirana ndi ulusi moti ngakhale uchape kangati sichoka. Sefa ikasowa chilembo chimodzi, tisheti yoyamba mpaka yomaliza zonse zisowa chilembo chomwecho. Pa webusaiti munthu amakonza cholakwika m'mphindi imodzi, koma pa nsalu madzi akatayika sawoleka.

Nanga zimatheka bwanji anthu onse aja osaona? Aliyense amayang'ana chake. Wojambula amaona ngati zilembo zakhala pakati, ngati mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake ukufanana. Wa ku fakitale amaona ngati kufiira kwa inki ndi kuja kunalembedwa pa oda. Woyendera maso ake ali pa msoko, wojambula chithunzi maso ake ali pa kuwala. Pa mndandanda wonsewo palibe amene anapatsidwa udindo wonena kuti, ine ntchito yanga ndi kuwerenga. Aliyense amaganiza kuti amene wamupatsirayo wawerenga kale, kapena kuti wotsatira adzawerenga. Kwa onsewa mawu asiya kukhala mawu, asanduka chokongoletsa.

Kompyuta nayonso siwapulumutsa. Pulogalamu wamba yofufuza masipelo imagwira liwu limene mulibe mu dikishonale yake, koma "your" ndi liwu lolondola la Chingerezi, "lets" nalonso ndi lolondola. Angoikidwa pamalo osayenera, ndipo kuti udziwe zimenezo uyenera kumva tanthauzo la chiganizo chonse. Komanso mapulogalamu ena, monga Microsoft Word, amalumpha mawu olembedwa m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha pokhapokha munthu atasintha yekha makonzedwe ake, ndipo mawu ambiri a pa zovala amalembedwa chotero. Kuwonjezera apo, wojambula asanatumize fayilo ku fakitale amasandutsa zilembozo kukhala zithunzi, kuopa kuti kompyuta ya kumeneko ingasinthe maonekedwe ake. Zikatero makina saonanso mawu, amangoona mizere yokhotakhota.

Ubongo wa munthu nawo uli ndi khalidwe lake. Tikazolowera kuwerenga sitiwerenganso chilembo ndi chilembo. Timaona chiyambi cha liwu ndi kaonekedwe kake, ubongo n'kumalizitsa wokha, ndipo liwu likakhala lodziwika kwambiri m'pamene timaliyang'ana pang'ono. Mu Epulo 2009 osewera awiri a timu ya baseball ya Washington Nationals, Adam Dunn ndi Ryan Zimmerman, analowa m'bwalo atavala majezi olembedwa "Natinals", chilembo cha o chitasowa pa dzina la timu yawo yomwe. Kampani yosoka majeziwo, Majestic, inapepesa. Mu 1997, pa masewero a Charity Shield ku Wembley, David Beckham anasewera ndi jezi ya Manchester United yolembedwa "Beckam" kumsana. Amenewa ndi mayina amene anthu ogwira ntchito m'matimumo amawaona tsiku lililonse, ndipo ndikhulupirira kuti kuwazolowera kwambiriko n'kumene kunawatseka m'maso.

Ngakhale banki yaikulu ya ku Australia inagwamo. Ndalama za pepala za madola 50 zimene inatulutsa mu Okutobala 2018 zinali ndi liwu lakuti "responsibility" losowa chilembo chimodzi cha i, ndipo pamene nkhaniyi inkadziwika mu Meyi 2019, mapepala pafupifupi 46 miliyoni anali atalowa kale m'manja mwa anthu. Choncho sindikunena kuti amene amalakwitsa ndi mbuli. Aliyense wolemba amalakwitsa, ndipo diso la wolembayo ndi lomwe limalephera kwambiri kuona cholakwika chake. Osindikiza mabuku ndi manyuzipepala anadziwa zimenezi kalekale, n'chifukwa chake amalemba ntchito munthu wapadera amene sanalembe nawo nkhaniyo, kuti aiwerenge ndi maso atsopano, nthawi zina mokweza mawu, nthawi zina kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro kuti tanthauzo lisamukoke. Munthu woteroyo tsamba la buku amalimaliza m'mphindi zochepa. Mawu a pa tisheti sakwana n'komwe mzere umodzi. Kampani imene ikulipira nsalu, inki, sitima yapamadzi ndi lendi ya masitolo ikapanda kulipira munthu ameneyu, si kuti ndalama zasowa ayi. Sinaone kufunika kwake.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho. Cholakwika chikaoneka, anthu amathamangira kuyang'ana kalebulo ka pakhosi, akaona kuti chovala chinapangidwa ku Bangladesh kapena ku China amati, eya, n'chifukwa chake. Kumeneko n'kunamizira osalakwa. Mayi amene akukoka inki pa sefa ku Dhaka sanalembe mawuwo, ndipo mwina Chingerezi si chiyankhulo chake. Ntchito yake ndi kudinda chimene chabwera pa fayilo, ndendende, ndipo atasintha chilembo chimodzi mwa nzeru zake fakitale ikhoza kubwezeredwa katundu yense. Pa oda ya kampani yaikulu, mawu amachokera kulikulu, kapena ngati achokera kwina amavomerezedwa kulikulu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene dzina lake lili pa chitseko cha sitolo, amene amatenga phindu lalikulu pa chovala chilichonse, ndiye ayenera kuyankha.

Chimene chawonjezera vutoli ndi liwiro la malonda a zovala masiku ano. Kale makampani ankatulutsa zovala zatsopano kawiri kapena kanayi pa chaka. Kampani ya Zara inatchuka chifukwa chotha kuchotsa chovala pa pepala la wojambula n'kuchifikitsa m'sitolo m'milungu yochepa chabe, ndipo kampani ya Shein imaika pa intaneti mitundu yatsopano zikwi zingapo tsiku lililonse. Pa liwiro lotero mawu a pa chovala sakhalanso uthenga umene wina anakhala pansi n'kuuganizira. Amatoledwa pa intaneti, amakopedwa ku chovala cha kampani ina, amadutsitsidwa mu pulogalamu yomasulira, basi apita. Woyamba akalakwitsa, wokopera amatengera ndi cholakwika chomwe.

Koma asatinamize kuti nthawi ndiyo ikusowa. Tatembenuzani chovala chomwecho muone kansalu kosokedwa m'mbali chamkati, kamene kamanena kuti muli thonje lochuluka bwanji, chichapidwe ndi madzi otentha motani, chisitidwe kapena ayi. Kansalu kameneko nthawi zambiri kamalembedwa m'ziyankhulo zambirimbiri, m'tizilembo ting'onoting'ono tofuna magalasi, koma makampani amakasamala kwambiri. Chifukwa chake ndi lamulo. Ku United States boma linakhazikitsa lamulo la malangizo a kasamalidwe ka zovala mu 1971, ndipo European Union ili ndi lamulo la mu 2011 lonena za mayina a ulusi oyenera kulembedwa pa zovala. Kampani ikalakwitsa pamenepo ikhoza kulipitsidwa chindapusa kapena katundu wake kuletsedwa, choncho pamakhala anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga kansaluko. Mawu a pachifuwa, amene anthu onse mumsewu adzawawerenga, alibe lamulo lowateteza, ndiye alibenso wowawerenga. Sindikupempha kuti maboma ayambe kulipitsa anthu chifukwa cha nkhodolero. Ndikungosonyeza kuti makampaniwa amadziwa kuwerenga bwinobwino pamene cholakwikacho chidzalowa m'thumba mwawo.

Ena amati nkhaniyi ndi yaing'ono, bola tanthauzo likumveka. Nthawi zambiri likumvekadi. Koma aliyense wolemba Chichewa amadziwa kuti kachilembo kamodzi ka h n'kamene kamasiyanitsa mpaka ndi mphaka. Chovala chofuna kunena kuti "Ndidzakukonda mpaka muyaya" chitalowetsa h pamenepo, tonse tingamve chimene wolemba ankafuna, koma palibe amene angachigulire wokondedwa wake. Kumveka kokha sikokwanira pa katundu wogulitsa. Tisheti yokhala ndi dzanja limodzi lalitali kuposa linzake imavalika ndithu, imaphimba thupi, komabe oyendera aja amaikana chifukwa ndi yolakwika. Pa tisheti ya mawu, mawuwo ndiwo katundu weniweni. Munthu anasiya tisheti yopanda kanthu imene inali pambali pake n'kusankha iyi chifukwa cha zimene ikunena. Zimene ikunenazo zikakhala zopunduka, wagula katundu wopunduka, ngakhale misoko itakhala yowongoka bwanji.

Pali ena amene amanena zozama kuposa pamenepa, ndipo ndimawamvetsera. Iwo amati kutola zolakwika m'zolemba za anthu ndi matama a ophunzira, njira yonyozera amene sanapite patali ndi sukulu kapena amene akulemba m'chiyankhulo chachiwiri. Amatinso chiyankhulo chimasintha, ndipo zimene lero tikuti n'zolakwika mawa zidzakhala zovomerezeka. Pa munthu payekha ndikugwirizana nawo kotheratu. Amene amaseka uthenga wa pa foni wa mnzake chifukwa cha sipelo, kapena chikwangwani cholemba pamanja cha munthu amene akungofunira ana ake chakudya, ndi wankhanza basi. Koma kampani yokhala ndi maloya, akatswiri otsatsa malonda ndi phindu la mamiliyoni si munthu wosauka woti timumvere chisoni. Kuibisa kumbuyo kwa anthu osaphunzira n'kusokoneza nkhani, chifukwa anthu omwewo ndi amene cholakwikacho chimawapweteka kwambiri.

Kulemba mokhota mwadala ndi nkhani ina. Achinyamata ali ndi kalembedwe kawo, oimba ali ndi kawo, ndipo chovala cholembedwa m'chiyankhulo cha mumsewu chimakhala chikunena ndendende chimene mwini wake akufuna. Wovala akudziwa, woona akudziwa. Opanga katundu wachinyengo nawo amasintha chilembo dala, Adidas n'kukhala Abibas, pofuna kuzemba mlandu, ndipo umenewo ndi ukathyali, osati kulakwitsa. Amene ndikunena pano ndi mawu amene kampani inkaganiza kuti ali bwino, wogula naye n'kukhulupirira kuti ali bwino, chikhalirecho sali bwino.

Taganizirani za wogulayo. Mawu a pa chovala amasiyana ndi mawu ena onse osindikizidwa, chifukwa amakhala pa thupi la munthu ndipo amayankhula m'malo mwake. Cholakwika cha mu nyuzipepala timachiika pa mkonzi. Cholakwika cha pachifuwa woona amachiika pa mwini chifuwacho. Wovala akamayenda sawaona mawu ake. Amangoona anthu akumuyang'ana pachifuwa n'kumwetulira, awiri akukodolana, wina akutulutsa foni, ndipo akhoza kuganiza kuti chovalacho chawasangalatsa. Akakhala munthu wodziwa Chingerezi, wina akamuuza amakwiya, amabweza chovalacho kusitolo kapena amachisandutsa chogonera, nkhani n'kutha. Koma anthu ambiri padziko lapansi amene amavala mawu a Chingerezi, Chingerezicho si chiyankhulo chimene anayamwa. Iwo anakhulupirira sitolo, monga tonse timakhulupirira kuti saizi yolembedwa pa kolala ndi yoona. Amavala sabata ndi sabata osadziwa kanthu, mwinanso amasungira chovalacho tsiku lapadera, ndipo chithunzi chawo chikhoza kuyenda pa intaneti pakati pa anthu amene sadzakumana nawo n'komwe, akusekedwa chifukwa cha ulesi wa munthu wina.

N'chifukwa chake ndimati ukaona munthu wavala zolakwika usamujambule. Ngati ukumudziwa, muuze pambali. Chithunzi choyenera kujambulidwa ndi cha chovala chili pa hang'ala, dzina la sitolo likuoneka.

Zovala za ana ndiye zimandidetsa nkhawa koposa. Mwana amene akuphunzira kuwerenga amawerenga chilichonse chimene maso ake agwerapo, ndipo mawu a pa malaya ake ndi a anzake amawaona tsiku ndi tsiku. Iye amakhulupirira kuti chilichonse chosindikizidwa n'cholondola, poti anachilemba ndi akuluakulu, anachidinda ndi makina. Mphunzitsi akathetha liwu limene mwanayo walikopera pa chovala chake, mwanayo amasowa woti amukhulupirire. Sindikuti tisheti imodzi ingagwetse mwana mayeso. Koma kampani yogulitsa zilembo kwa ana a zaka 6 ili ndi udindo wofanana ndi wa wosindikiza buku la ana, ndipo wosindikiza buku sangayerekeze kulitulutsa asanaliwerenge.

Pa intaneti pali masamba athunthu oseka Chingerezi chokhota cha pa matisheti a ku Japan, China ndi Korea. Oseka ambiri saona kuti matenda omwewo ali kwawo. Kampani ya Superdry, imene inayamba ku Cheltenham ku England mu 2003, inamanga dzina lake pa zilembo za Chijapanizi zodindidwa pa majekete ndi matisheti. Kampaniyo si ya ku Japan, ndipo anthu oyankhula Chijapanizi akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mawuwo samveka bwino. Ngakhale amene ali pa chizindikiro cha kampaniyo amamveka ngati lamulo lachilendo louza munthu kuti aume kwambiri. Mnyamata wa ku London wovala zilembo zimene sangaziwerenge sasiyana ndi mnyamata wa ku Osaka wovala Chingerezi chosamveka. Onse awiri agulitsidwa chiyankhulo cha eni ake chosafunsa eni akewo. Apa m'pamene ndikuona mwano. Chiyankhulo chilichonse chili ndi anthu amene amapemphera m'chiyankhulocho, amalira maliro m'chiyankhulocho, amalera ana m'chiyankhulocho. Kuchitenga n'kuchidinda pa zovala zikwizikwi osafunsa ngakhale mmodzi wa iwo kuti, kodi apa palembedwa chiyani, n'kusonyeza kuti anthuwo sakuwerengeredwa.

Makampani akagwidwa amachita mosiyanasiyana. Ena amangochotsa chithunzi pa webusaiti mwakachetechete, ngati palibe chachitika. Mu Malichi 2018 ASOS, kampani ya ku Britain yogulitsa zovala pa intaneti, inazindikira kuti yadinda matumba otumiziramo katundu okwana 17,000 okhala ndi liwu lakuti "onilne" m'malo mwa "online". Inaulula yokha pa Twitter n'kunena mwanthabwala kuti matumbawo aziwatcha apadera, osowa. Ndimayamikira kuti inanena yokha isanakakamizidwe. Koma thumba munthu amang'amba n'kutaya, salivala popita kuntchito. Nthabwala yoteroyo ikafika pa chovala, kampani imapeza kutchuka kwaulere pamene wogula watsala ndi katundu wolakwika m'kabati.

Funso lovuta kwambiri ndi la katundu amene wadindidwa kale. Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF limati kupanga tisheti imodzi ya thonje kumatha madzi okwana malita 2,700. Kutentha matisheti zikwizikwi chifukwa cha chilembo chimodzi ndi kulakwa kwakukulu kuposa chilembocho. Ndipo makampani a zovala amawonongadi katundu: mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya ku Britain ya Burberry inatentha katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni m'chaka chimodzi, osati chifukwa cha zolakwika koma pofuna kuteteza dzina lake, ndipo anthu atakwiya inalonjeza kusiya. France inakhazikitsa lamulo mu 2020 loletsa kuwononga katundu wosagulidwa monga zovala. Lamulo limenelo ndikugwirizana nalo.

Komabe njira inayo, imene imaoneka yachifundo, ili ndi chilema chake. Katundu wokanidwa amagulitsidwa mochuluka kwa amalonda a zotsala, amamangidwa m'mabelo, amawoloka nyanja. Chitsanzo chodziwika ndi cha masewero omaliza a mpira wa ku America, Super Bowl. Matisheti ndi zipewa zolengeza wopambana zimadindidwa za matimu onse awiri masewero asanachitike, ndipo kwa zaka zambiri za timu yogonja zinkaperekedwa ku bungwe la World Vision kuti likagawe kumayiko akutali. Anthu anavala ndithu, ndipo kuvala n'kwabwino kuposa kutentha. Koma m'menemo mwabisala ganizo lakuti mawu abodza kapena olakwika, osayenera kuoneka mumsewu wa ku New York, alibe vuto akavalidwa ndi munthu wa kutali, poti iye sawerenga, kapena poti akawerenga sadandaula. Cholakwikacho sichinakonzedwe. Changosamutsidwira kwa munthu amene alibe sitolo yoti akabwezeko.

Zimene ndikufuna kwa makampani si zovuta. Sefa isanapangidwe, mawu awerengedwe ndi munthu amene chiyankhulocho ndi chake ndipo sanawalembe nawo, ameneyo asayine dzina lake monga amasayinira wovomereza mtundu wa inki. Chiyankhulo chikakhala chachilendo kwa onse mu ofesimo, afunidwe mwini wake ndipo alipidwe. Cholakwika chikapulumukabe, kampani inene poyera, amene anagula abwezeredwe ndalama popanda kuwayendetsa uku ndi uku, ndipo katundu wotsala agulitsidwe motsika mtengo ndi chikwangwani chonena chimene chalakwika, kuti wogula asankhe akudziwa. Zovala zimene sizingagulitsidwe motero, mawuwo aphimbidwe ndi chidindo china kapena nsaluyo ikonzedwenso kukhala ulusi, zisanamangidwe m'belo kupita kwa munthu amene sadzauzidwa kanthu.